Chule wa m'Kope la Masamu

Ndinalera ana pasukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Benga, zaka zisanu ndi chimodzi popanda wondiloza chala. Chaka chachisanu ndi chiwiri mudzi wonse unandiloza, ndipo chondilozera chinali chule. Chule wakenso wa pepala.

Ndiyambe ndanena chimene aliyense kwathu amachidziwa koma amachinenera kuseri: ine sindinabereke. Ndinakwatiwa kawiri, ndipo kawiri konseko ndinabwerera kwa achimwene anga ndi talaka, kalata yothetsa ukwati, m'manja. Pamene komiti ya m'mudzi inkafuna munthu woti azikhala ndi ana m'mawa, ntchito yongodzipereka, yopukuta mamina ndi kuchapa akabudula a eni ake, palibe amene anakumbuka zoti ndine chumba. Ankangoti, "Amenewa ndiye ali ndi mpata." Ndinavomera, ndipo sindinama, ntchitoyo ndinaikonda kuposa mabanja anga onse awiri kuwaphatikiza pamodzi.

Sukuluyo inali chipinda chimodzi cha zidina, chofolera ndi malata otsala pomanga mzikiti. Phala likakhalapo ana ankafika makumi anayi, likasowa ankatsika. Makolo ankafuna chinthu chimodzi basi: mwana akafika kunyumba aimirire, manja kumbuyo, alakatule miyezi ya pachaka m'Chingerezi. Akatero ndiye kuti sukulu ikuyenda. Ndinkawaphunzitsa, inde, koma mumtima ndinkadziwa kuti mwana wokuwa Disembala mokweza chotero sadziwa n'komwe ngati Disembalayo amadyedwa kapena amavalidwa.

Chaka chimenecho, kutentha kwa Okutobala kuli pachimake, anatiitana alezi ku boma kukaphunzira kwa sabata imodzi. Tsiku lachinayi kunabwera mtsikana wa m'tauni wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, atanyamula buku la zithunzi. Anati atiphunzitsa kupinda mapepala kuti asanduke zinthu, popanda sizasi, popanda guluu, luso lochokera ku Japani. Tsamba limene anatsegula linali la maluwa a nyengo imene kwawo kwa eni bukulo kuzizira kumatha, mitengo n'kuyamba kuphuka. Tinayang'anana, thukuta lili chuchuchu. Mayi wina wa ku Mwadzama anakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu kuti kodi nyengo imeneyo kuno imafika mwezi uti, kuti tikonzekeretu. Tinaseka mpaka mtsikanayo anaseka nafe.

Maluwawo sindinawasamale. Mwana wa kunyanja ukamupindira duwa limene sanalionepo chibadwire, angokuyang'ana. Koma chakumapeto kwa bukulo kunali chule, ndipo ameneyo ndinamuzindikira. Kwathu nyengo yoti zinthu zidzuke ndi mvula yoyamba, ndipo amene amailengeza ndi achule a m'madambo a mpunga.

Kapindidwe kake n'kotere. Umatenga pepala, n'kupinda ngodya yakumanja kupita kumanzere, n'kulitambasula. Kenako yakumanzere kupita kumanja, n'kulitambasulanso. Pamatsala mizere iwiri yopingasana. Ukakankhira mbali zonse ziwiri mkati, pamwamba pamatuluka kadenga, ndipo nsonga za kadengako ukazipindira m'mwamba ndiwo manja a chule. Kumunsi umapinda kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Ukadina kumatako n'kutereretsa chala, chule amadumpha. Ine, mayi wa zaka makumi asanu, ndinagwada pasimenti ya holo ya ku boma ndikudumphitsa pepala, anzanga atapita kale kukadya.

Vuto linali mapepala. Kwathu pepala silitayidwa, lili ndi eni ake: ogulitsa mandasi ndi madala opichira fodya. Ndinkadziwanso pepala loyenera kulipewa. Tsamba lokhala ndi zilembo za Chiarabu sindingalole kuti ligwe pansi, ndiye ndikanalipinda chule? Ndine Msilamu wobadwa nacho, zimenezo sindichita kuuzidwa. Mwayi wake, mwana wa achimwene anali atangomaliza Fomu 4, makope ake ali mbwee m'katoni. Ndinasankha a masamu, chifukwa mapepala ake ali ndi timabokosi, ndipo timabokosi timathandiza mwana kupinda mowongoka. Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Mvula yoyamba itagwa, achule enieni atayamba phokoso kudambo, ndinakhazika ana pamphasa n'kudumphitsa wanga mmodzi. M'chipinda munati zii, kenako munaphulika. Ana amene sankatha kukhala pansi ngakhale nthawi yothira mchere m'ndiwo anakhala mpaka phala kuzizira, malilime ali panja, akulimbana ndi ngodya. Achule ambiri ankatuluka olumala. Ena sankadumpha n'komwe, mwini wake ankangomuponya n'kunena kuti wadumpha. Koma ndinaona tizala tija tikuphunzira kumvera eni ake, ndipo amene ankagwira pensulo ngati mpini wa khasu anayamba kuigwira ngati anthu.

Panali kamtsikana ka zaka zinayi, mwana wa mnansi wanga. Mayi ake ndi ine tinkaviika chinangwa dziwe limodzi, ndipo ndinalipo tsiku limene anabwera naye kuchokera kuchipatala ali wakhanda. Chiyambire sukulu, mawu a mwanayo ndinali ndisanawamvepo. Ankakhala pakona chala chili m'kamwa, ukamufunsa dzina ankayang'ana zala zakumapazi. Iyeyo ndi amene anapinda chule wowongoka kuposa onse. Atamudina n'kudumpha, mwana uja anakuwa, "Wadumpha! Aphunzitsi, wanga wadumpha!" Ndinatembenukira kukhoma ngati ndikufuna choko, kuti ana asaone misozi. Kuyambira tsiku limenelo chule wake sankachoka m'thumba la diresi.

Patapita masabata atatu, Lachinayi, mwanayo anatentha thupi. Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, anakomoka, maso kutembenuka, manja kuuma, ndipo anathamanga naye kuchipatala pa njinga yamoto. Kumeneko mayi ake pomuvula diresi anapeza kanthu m'thumba. Tsono chule amene wakhala masabata atatu m'thumba la mwana, wakhaliridwa, wagoneredwa, wanyowa ndi thukuta, saonekanso ngati chule. Manja ndi miyendo zinali zitapindikira mkati. Chotsala chinali kapepala kakuda, kolimba, kopindidwa kambirimbiri, kukula kwake ngati bokosi la machesi, inki ikuonekera mkati.

Apa ndivomere kupusa kwanga, poti kokhako ndiye ndimavomera. Kwathu kuno mwana akamadwaladwala, makolo ena amakamulembetsera hirizi: kapepala kolembedwa, kopindidwa mpaka kuchepa, n'kukasokerera m'kansalu kuti mwana azivala. Ine ndemwe ndinavala yanga m'chiuno mpaka ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Hirizi yokuveka mayi ako ndi chitetezo. Koma yopezeka m'thumba la mwana makolo osadziwa, yoika munthu wina, munthu wakenso wosabereka amene amakhala ndi ana a eni m'mawa uliwonse, imeneyo ili ndi dzina lina. Ndinayenera kuziona zimenezi ndisanang'ambe tsamba loyamba. Sindinazione.

Mudzafunsa kuti kodi makolo enawo anali asanawaone achulewo. Anawaona, anali atafika m'nyumba zambiri, ndipo abambo ena ankawalanda ana awo kuti adumphitseko. Koma mawu akuti ufiti akalowa m'khutu amafufuta zonse zimene maso anaona. Amene ankaseka dzana ndiwo anayamba kusesa m'nyumba, kufunafuna achule kuti awatenthe.

Lolemba kusukulu kunabwera ana asanu, awiri mwa iwo adzukulu a achimwene. Phala linatsala m'ndowa. Masana nditapita kumjigo, nkhani zinaduka ngati wazidula ndi mpeni, ndipo mayi wina anachotsa ndowa yake kuti isagundane ndi yanga. Nditabwerera ndinapeza achimwene atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Achemwali, Lachitatu akomiti akuitanani," anatero. "Mukakafika mukangoti pepani. Pepani sapha munthu."

"Achimwene, pepani wa mbale yosweka ndi wina, pepani wa ufiti ndi wina."

"Inu vuto lanu ndi pakamwa. N'chifukwa chake..."

"Malizani. N'chifukwa chake amuna awiri anandibweza?"

Anavala chipewa n'kumapita. Ndinawapweteka, ndikudziwa, poti ndiwo anandilandira kawiri konse popanda kundiwerengera.

Msonkhano unachitika itatha swala ya masana, anthu atatuluka kopemphera, m'chipinda chomwecho chimene ndinkasesa ndekha. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Wapampando wa komiti, telala wa pamsika, anakhala pampando wanga. Pambali pake panali a shehe a pamzikiti wathu, munthu wofatsa, amene anaitanidwa kuti adzaone pepalalo. Mayi a mwana uja anabwera kuchokera kuchipatala atasiya mwana ndi mng'ono wawo, mwanayo asanatsitsimuke. Maso awo anali otupa. Sanandiyang'ane, ndipo ine sindinawakwiyire tsiku limenelo. Mkwiyo wanga unali pa ena onsewo, amene ana awo anali bwinobwino kunyumba.

Anamasula mfundo ya chitenje n'kuika kapepalako patebulo. Amene anali pafupi anasendera m'mbuyo. A shehe anati Bisimillah, n'kuyamba kukatambasula pang'onopang'ono. Ine mtima unali m'malo. Ndinkati likangotambasuka aliyense aona kuti ndi tsamba la kope la mwana wasukulu, tiseke, tibalalike.

Litatambasuka, m'chipinda monse munamveka "Hii!" Patsambalo mwana wa achimwene anajambula bokosi lalikulu logawidwa timabokosi, m'kabokosi kalikonse muli nambala. Pansi pake panali chinthu cha nsonga zitatu, pansonga iliyonse pali chilembo. Aliyense amene anaonapo mkati mwa hirizi amadziwa kuti zina zimakhala ndi timabokosi ta manambala chimodzimodzi. Kope la masamu limene ndinadzitama nalo lija linandipereka.

"A shehe, tiuzeni," anatero wapampando.

A shehe analiyang'ana nthawi yaitali, analitembenuza, analiyang'ananso. "Izi si zolemba zathu," anatero. "Mulibe dzina la Mulungu, mulibenso dzina la munthu. Ine ndikuona ngati ndi za kusukulu."

"Nanga timabokosito?" anafunsa bambo wina pawindo.

"Timabokosito n'zoona, timafanana. Koma kufanana..."

Sanawalole kumaliza. Anthu anatola mawu amodzi okhawo, akuti timafanana, ndipo ndi amene anapita nawo kunyumba.

Pamenepo ndinaimirira osapatsidwa mpata. Ndinatulutsa kope m'katoni n'kung'amba tsamba pamaso pawo. "Atcheya," ndinatero kwa wapampando, "inu mumapinda nsalu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Gwirani ili, ndizikuuzani popinda, muone nokha chimene chituluke."

Anabisa manja m'khwapa. "Mayi, khalani pansi. Pano si pamasewera."

"Ndi pamasewera pomwe, atcheya. Mlandu wonsewu ndi wa masewera a ana."

Ndinazungulira nalo tsambalo, kupatsa uyu, kupatsa uyo. Palibe analilandira. Amuna amene amalowa m'nyanja mwera ukuwomba anaopa pepala la mwana wa Fomu 4. Ndinakhala pansi n'kulipinda ndekha, manja ali m'mwamba kuti aliyense aone, ndikutchula mokweza ngodya iliyonse monga ndimachitira ndi ana. Nditamaliza ndinamuika pansi chule uja n'kumudina. Sindinachite kulinga, Mulungu ndi mboni, koma anakatera paphazi la wapampando. Bambo wamkulu ndi ndevu zake anakweza miyendo yonse iwiri m'mwamba, patapata imodzi n'kuuluka. A pawindo anafa nacho chiseko. Koma mayi wina kumbuyo anakuwa, "Mwaona? Chikuyenda chokha!" ndipo kuseka kunathera pomwepo. Ndinadziwa kuti ndasonkhezera moto. Komabe mpaka lero sindinong'oneza bondo, chifukwa miyendo ija ndinaiona ndi maso angawa.

Akomiti ananong'onezana, kenako wapampando, atavala patapata yake, ananena chigamulo. Anati palibe amene akunditchula mfiti. Anati komabe, kuti mitima ikhale pansi, ndipepese kwa mayi a mwana pamaso pa anthu, nditenthe katoni yonse ya makope, ndibwerere ku nyimbo ndi miyezi ya pachaka. Ndikatero, sukulu ipitirira mawa lomwe.

Achimwene anali pakhomo akundigwedezera mutu kuti ndivomere. Kunena zoona, sukuluyo ndinkaifuna ngati madzi akumwa. Ndinaona mphasa zitakulungidwa pakona, timakapu ta phala tili pamzere pamene ndinatiyanika, ndipo pepani anafika pakhosi.

"Ndipepese kuti ndatani?" ndinafunsa. "Tchulani mlanduwo ndi dzina lake ndiumve. Mukuti simukunditchula mfiti, koma mukufuna pepani wa mfiti. Ndikapepesa lero, mawa mwana wina akadzatsegula m'mimba mudzathamangira kwa yani? Kwa uja anavomera kale. Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukundisiyira ana anu, ena ali ndi mamina, ena atadziipitsira, ena mumaiwala n'kuwatenga komwe. Nthawi yonseyo mimba yanga inali yomweyi. Lero ndiye mwaikumbuka?"

 Wapampando anatambasula dzanja, ulendo uno osaopa, ndipo ndinaikamo kiyi wa sukulu. Katoni yanga ndinaisenza pamutu n'kudutsa pakati pawo. Anandipatukira njira yaikulu kuposa imene ndinkafunika.

Nyumba yanga ili m'mbali mwa njira yopita kumjigo ndi kudambo. M'mawa mwake, nthawi imene ndinkatsegula sukulu, ndinayala mphasa pakhonde, katoni pambali, n'kuyamba kupinda achule. Ndinkawandanditsa m'mphepete mwa khonde, nkhope zitaloza kunjira. Ndinkati ngati uli ufiti, ukhale ufiti woyamba kuchitika dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Amayi ankadutsa ndi ndowa atatembenuzira nkhope kwina, ana akukokedwa padzanja makosi atatsalira kwa ine. Ndinkapereka moni kwa aliyense, mokweza, mobwereza, mpaka ayankhe.

Musaganize kuti sindinkaopa. Ndinkadziwa zimene zimawachitikira amayi amene apatsidwa dzina limenelo. Tsiku lachitatu mwala unagwa padenga langa masanasana, woponya osaoneka. Achimwene anabweranso, ataiwala za pakamwa panga, kudzandipempha kuti ndipite kwa azakhali athu ku Dwambazi mpaka zinthu zizizire. Ndinati wothawa ndiye wavomera. Koma chimene chinkandidya kwambiri chinali mwana uja. Pa swala iliyonse ndinkamupempherera, ndipo ndinkachita manyazi pamaso pa Mulungu, chifukwa sindinkadziwa ngati pempherolo linali la mwanayo kapena la khosi langa. Akanamwalira, panalibe shehe kapena kope limene likanandiyeretsa.

Sukulu inakhala chitsekere. Komiti inafunafuna wina, koma ntchito yochapa akabudula a eni salimbirana. Inali nthawi yowokera mpunga, ndipo amayi ankapita kudambo wina kumsana wina kudzanja, ana n'kumakalirira m'mbali mwa munda tsiku lonse. Ndinkawaona akudutsa, ndipo kamtima kena kankanong'ona kuti walira mvula walira matope. Kamtima kameneko sindikanyadira, koma kanalipo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili paliwombo, njira ili zii, ndinamva "Odi" wapansipansi kuseri kwa nyumba, kumene kuli bafa. Mawuwo ndinawazindikira. Anali mayi a mwana uja.

"Odi amachitira kumaso," ndinayankha osadzuka. "Kuseriko kulibe khomo."

 Kenako anatulukira pakona, ataonda, atavala chitenje chomwe chija cha kumsonkhano. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa khonde, kutali ndi achule.

"Watsitsimuka," anatero. "Adokotala akuti anali malungo aakulu, ofika kumutu."

"Alihamudulillah," ndinatero, kuthokoza Mulungu.

"Koma sakudya. Phala akukana, tiyi akukana. Akungopapasa padiresi, akuti ndimupatse chule wake." Anamasula mfundo ya chitenje. Linali tsamba lomwe lija, tsopano lofewa ngati kasanza, litayamba kung'ambika m'mizere. "Ndayesa kulibwezera mmene linalili. Masiku awiri ndikuyesa. Likukana." Anayang'ana achule anga ali ndandanda. "Mundigawireko mmodzi, aphunzitsi. Ndibisa, palibe aone."

Ndikanatha kuwapatsa khumi, ndipo dzanja linafuna. Koma mawu akuti ndibisa aja anandilasa kuposa mwala wa padenga. Kanthu kochoka m'manja mwanga, kolowa mobisa m'thumba la mwana yemweyo: si mlandu womwe uja umenewo?

"Wanga sindikupatsani, amake mwana," ndinatero. "Chochoka m'manja mwanga mwachiona kale chimene chimabala. Senderani kuno. Mupinda nokha, ndi manja anu, pompano."

"Anthu andiona."

"Ine anandiona mudzi wonse, mpaka m'mawindo."

Anayang'ana kunjira, anayang'ana tsamba lawo lakufa lija. Ndinkadziwa kuti ndikuumira mtima mayi amene mwana wake sakudya, ndipo zinkandiwawa. Ndinadziuza kuti akangoimirira kuti azipita, ndiwathamangira ndi chule m'manja, zanga zithere pomwepo. Sanaimirire. Anasendera pamphasa.

Ndinang'amba masamba awiri m'kope la masamu, manambala ali thothotho, limodzi lawo limodzi langa. "Ngodya iyi ipite uku. Ayi, ikumane ndi mzere. Tsindikani ndi chikhadabo." Zala zawo, zozolowera khasu ndi mpeni wosendera chinangwa, zinkalimbana ndi pepalalo. Tsamba loyamba linang'ambika. Lachiwiri analipinda mozondoka. Tili pa lachitatu, amayi anayamba kubwera kuchokera kudambo, matope mpaka m'mawondo, ndipo anaima panjira. Ine sindinakweze mutu. Mnansi wanga anauma kaye, nkhope ili pansi. Kenako ndinamva akukoka mpweya, n'kufunsa mokweza, mawu oti akafike kunjira, "Ndiye mwendowu ndiupinde chotani, aphunzitsi?"

Chule wawo anatuluka wopendama, dzanja limodzi lalitali. Atamudina anadumphira cham'mbali n'kugwa chagada. Mayi wina panjira anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Mnansi wanga anamutola, ndipo sanamumange pamfundo ya chitenje. Anamuika pachikhatho n'kudutsa naye pakati pa amayi aja kupita kokwerera njinga. Pepani sananene, inenso sindinamuitanitse.

Kiyi anabwera patapita mwezi. Wapampando anangomusiya pakhonde langa podutsa, n'kunena kuti m'chipinda muja mwalowa chiswe, pakufunika munthu wosesa. Komiti sinakhalenso pansi kuti ifafanize zimene inanena, ndipo alipo mabanja awiri kapena atatu amene mpaka lero ana awo amawapititsa kwina. N'zawo zimenezo. Achule timapinda chaka chilichonse mvula ikagwa, m'makope a masamu omwewo, ndipo sindinapepesepo kwa munthu.

Koma tsiku limene ine ndimati mlandu unatha si la kiyi. Linafika kiyi asanabwere, sukulu ikadali chitsekere, patangopita sabata mwana uja atatuluka m'chipatala. M'mawa ndikuyala mphasa, ndinaona mnansi wanga akubwera khasu lili paphewa, mwana wa zaka zinayi ali kumsana ngati khanda poti miyendo inali isanalimbe. Anamutsitsa pakhonde langa, n'kuika pambali kambale ka chinangwa chophika ndi kajumbo ka mankhwala a kuchipatala.

"Theka la piritsi dzuwa likafika apa," anatero akuloza kumwamba. "Akakana mumukakamize, amalavula ameneyu. Ine ndili kumpunga, ndibwera madzulo."

Munthu amene ankati ndaika kanthu m'thumba la mwana wake anali kundisiyira choti ndiike m'kamwa mwake. Mwanayo anandikwera pamiyendo, atapepuka mochititsa mantha, n'kutsamiritsa mutu pachifuwa panga.  Ndinangoyang'ana mayi ake akutsetsereka njira ya kudambo, ndikudikira kuti acheuke, aone ngati mwana wawo ali bwino m'manja mwa chumba. Anakafika mpaka pokhota osacheuka.